Kodi kamashini ka magetsi kogwedeza minofu kangamuteteze mchimwene wanga ku zilonda za pa wilitcheya?

NaBanda_Chinamwali

Moni nonse muno. Pepani nkhani yanga italikirapo koma ndithandizeni maganizo. Mchimwene wanga wamng'ono kwa ine anachita ngozi chaka chatha mu Febuluwale, ankapanga kabaza wa njinga yamoto nde galimoto inamugunda kumbuyo cha ku Matawale uku, msana unathyoka. Kuyambira pachifuwa kutsika mmunsi samva kanthu olo mumutsine. Anakhala mchipatala miyezi inayi, pano tili naye pakhomo, timamusamala ndi ineyo ndi mayi, alamu athu anapita kwawo ndi mwana ndipo zimenezo musandifunse.

Nde nkhani ili apa. Munthuyu ndi wolimbikira, tinamupangira katebulo pakhonde amagulitsa mayunitsi ndi kutumiza ndalama za pafoni, amakhala pa wilitcheya kuyambira 7 mmawa mpaka cha mma 5 madzulo osatsikapo. Ali mchipatala muja anatuluka chilonda chachikulu pamwamba pa matako, chinatenga miyezi kuti chitseke ndipo fungo lake sindifuna kulikumbukira, nde mantha anga ndi oti chingabwerenso china. Matako ake anaphwa atsala mafupa okhaokha. Msuweni wathu wa ku Joni watitumizira kavidiyo pa WhatsApp ka kamashini kena, umamata timapadi pamatako nde magetsi amapangitsa minofu kumakungika yokha, akuti munthu satulukanso zilonda komanso matako amabwerera. Akuti atumiza pa basi kumapeto a mwezi koma ife tisonkheko theka la ndalama.

Zimagwiradi zimenezi kapena tingotaya ndalama? Sizingamuwotche poti iye samva? Komanso dzulo pomusambitsa ndaona kumanzere pomwe amakhalira pali malo ada kuposa khungu linalo, kukula ngati kachitsekero ka botolo la Fanta, pogwira ndi polimba komanso potentherako, koma sipanang'ambike ayi. Nde ndimaganiza mashiniwo akafika tiyambire pomwepo.

Che_Jali

Achemwali za mashini zisiyeni ndi za azungu izo, magetsi ake atinso kuno kkkk. Pitani kwa omata matayala pafupi ndi depoti mukagule chubu chakale cha galimoto, mupope pang'ono muyale chitenje pamwamba azikhalira, pakati pali bowo nde matako sagunda. Pamalo padapo muzitikita ndi spirit mmawa ndi madzulo magazi ayende. Agogo anga tinkawapanga choncho.

Fiziyo_wakuDomasi

Mayi NaBanda, ine ndimagwira ntchito ya fiziyo. Ndiyambe ndi chomwe mwachiyika kumapetocho chifukwa ndi chimene chandidzidzimutsa, za mashini tikamba pambuyo. Malo odawo, olimba, otentha, chimenecho ndi chilonda kale ngakhale khungu silinatseguke. Mabuku amati uone pofiira, koma ife khungu lathu silifiira, limangoda ngati pomwe munthu wamenyedwa, nde ambiri amazindikira patatuluka kale madzi. Inu mwachita bwino kugwira ndi dzanja. Chilonda chamtunduwu nthawi zambiri chimayambira mkati pafupi ndi fupa, ngati chiswe mu mtengo wa denga, kunja kukuoneka bwinobwino mkati mutatha, chifukwa mnofu umafa msanga kuposa khungu magazi akasiya kufika.

Kuyambira lero asakhalirepo. Sindikuti achepetse maola, ndikuti asakhalirepo mpaka kudako ndi kulimbako kutachoka. Agone chafufumimba, mapilo pansi pa chifuwa, ntchafu ndi miyendo kuti mawondo ndi zala zakuphazi zisakanikizike pa matilesi, kapena chammbali mopendekeka ndi pilo kumsana ndi ina pakati pa mawondo, muzimutembenuza pa maola awiri aliwonse. A Che Jali mundikhululukire bambo, ndikudziwa mwanena ndi mtima wabwino, koma kutikita pamalo oterowo kumangophwanya nyama yomwe yavulala kale ndipo spirit imaumitsa khungu mpaka kusweka. Chubu chija nachonso ayi. Chimakanikiza mozungulira ngati lamba, magazi olowa pakati paja amachepa, nyama imazendewera mubowo nkutupa. Zokhalira zabowo pakati zinaletsedwa kalekale kwa anthu ovulala msana.

Tsopano mashini. Si bodza lenileni ayi, ndi chinthu chomwe chilipo, amachitcha NMES. Ganizani chonchi, inu mukakhala pabenchi kutchalitchi simukhala phee, mumasunthasuntha osadziwa nkomwe chifukwa matako amakuuzani kuti twatopa, komanso muli ndi mnofu wochindikala pakati pa fupa ndi benchilo. Mchimwene wanu zonse ziwirizi zinamuchokera, uthenga sufika ndipo mnofu unaphwa, thupi lonse lakumtunda likutsamira pa timafupa tiwiri tosongoka tomwe timakhalira. Mashiniwo amatumiza timagetsi kudzera pakhungu kukadzutsa mitsempha yolamula mnofu, mnofu umakungika, thako limasintha kaumbidwe kwa kanthawi kochepa, kulemera kumachokako pafupa paja nkumwazikira mmbali, ukamasuka magazi atsopano amalowa. Akamapanga tsiku ndi tsiku kwa miyezi mnofu umakulako ndithu, koma akasiya umaphwanso.

Koma sagwira kwa aliyense. Amene anavulala kumtunda kwa msana, mitsempha ya mmunsi imakhala ikadali yamoyo, yangosowa uthenga wochokera ku bongo, ndipo mumawadziwa chifukwa miyendo yawo imadumpha yokha kapena kuuma gwa. Amenewa magetsi amawagwira. Wovulala mmunsi, cha pa T12 kapena L1 kutsika (ndi momwe timatchulira mafupa a msana, T ndi a kuseri kwa chifuwa, L ndi a mchiuno, nambala ikamakula ndiye kuti ndi mmunsi), kawirikawiri mitsempha yopita kumnofu ndi imene imaonongeka, miyendo imangoti lende, mashini wamba sagwedeza kanthu ndipo mumathera kukweza mphamvu mpaka kumuwotcha. Taonani mu kabuku kake ka kuchipatala, analemba chilembo chanji ndi nambala yanji. Chinanso muuzeni msuweniyo ajambule bokosi lake kaye asanalipire. Timashini tambiri totchipa totsatsidwa pa Facebook ndi TENS, ntchito yake ndi yochepetsa ululu, kamagetsi kake kongonyerenyetsa pakhungu, pomwe mnofu wa thako ndi waukulu kuposa yonse mthupi ndipo umafuna mphamvu yeniyeni kuti ukungike. Ndipo kaya ndi mashini abwino chotani, timapadi sitimata pamalo odawo kapena pabala.

Mjomba_waSadzi

Achemwali mverani a fiziyowo. Ine chaka chino ndakwanitsa zaka 11 ndili pa njinga ya olumalayi, ndinagwa mumtengo wa mango ndili ndi zaka 24, T10. Mashini amenewo sindinagwiritsepo nde ndingokuuzani zomwe zandisunga ine.

Chomwe chandiwopsa mu nkhani yanu ndi 7 mpaka 5 osatsikapo. Maola 10 amenewo! Olo mutamugulira mashini a miliyoni, munthu wokhala phee maola 10 pa mafupa chilonda chimupeza basi. Ine foni yanga imalira pa mphindi 20 zilizonse, anthu amaseka amati alamu ya mjomba, ikalira ndimawerama kutsogolo chifuwa kufika pamawondo nkukhala choncho mphindi ziwiri zathunthu, kapena kupendekeka mbali imodzi kenako inayo. Kale anatiphunzitsa kudzikweza mmwamba ndi manja koma kudzikweza kwa masekondi 10 sikukwanira kuti magazi abwerere, ndipo kumatha mapewa, ine lakumanja limandipweteka mpaka pano nthawi yozizira ya Juni. Wanuyo poti samva kuyambira pachifuwa ndiye kuti mimba ilibe mphamvu yomugwira, asawerame pabwalo angagwe chamutu, atsamire pa katebulo kakeko mabuleki atamanga, kapena akole mkono pa chogwirira chakumbuyo kwa njinga nkupendekeka. Kasitomala akudikira chenji iye akupumitsa thako, palibe angadziwe.

Ndikuuzeni changa. Mu 2018 kunali ukwati wa mphwanga ku Blantyre, tinakwera minibasi, kondakitala anaponya njinga kumbuyo khushoni ili momwemo ine ndinachita manyazi kuvutitsa anthu, ndinakhala pampando wolimba uja ulendo wonse mothinana osatha kusuntha, kufika uko tsiku lonse pa njinga mu suti, perekaniperekani mpaka madzulo, kubwereranso chimodzimodzi. Tsiku limodzi lokha. Ndinagona chafufumimba miyezi 7, mafupa kuonekera, bizinesi yanga yokonza mafoni inagwa. Kuchokera pamenepo khushoni yanga ili ngati chiphaso, komwe thako langa likupita nayonso ikupita, mu minibasi, kutchalitchi, olo pachimbudzi ndinamangirira siponji.

Nde funso langa kwa inu, akukhalira chani panopa? Ngati ndi nsalu ya wilitcheya yokha kapena siponji yopyapyala ya pamsika, ndalama mukufuna kusonkhayo iyambe yagula khushoni yeniyeni yochotsa kupanikizika. Za mpweya za Roho ndi zabwino koma mtengo wake ndi wolira komanso ikabooka ndi minga mwagwira njakata. Zasiponji yolimba yosemedwa mwaukadaulo, yokhala ndi kachigwa pomwe pamafikira mafupa ndi siponji yofewa pamwamba, zimagwira bwino ntchito bola kumaisintha ikaphwa. Kuyesa kwake nkosavuta, iye atakhala lowetsani dzanja pansi pa fupa lija, zala zikamatha kugwedezeka mmwamba ndi pansi ndiye kuti zili bwino, zikapanidwa mpaka kuvuta kutulutsa ndiye kuti khushoniyo yatha ntchito.

Zina zing'onozing'ono koma ndi zomwe zimatipweteka ife. Jinzi yokhala ndi mabatani ndi msoko wokhuthala kumbuyo ayi. Ndalama zachitsulo kapena kiyi mthumba lakumbuyo ayi, poti ndi wabizinesi ameneyo muonetsetse. Kutentha kwa Okutobala kukubweraku thukuta ndi mkodzo zimafewetsa khungu ngati pepala lonyowa, azisintha akangonyowa. Pomusamutsa kuchoka pabedi musamukhwekhwereze pa tayala, munyamuleni. Adye zomanga thupi, matemba a ku Chilwa, usipa, mazira, nyemba, nandolo, nsinjiro mu ndiwo, chilonda sichipola ndi nsima ya masamba okha. Fodya ngati amasuta asiye. Ndipo mugulireni kagalasi azidziona yekha mmawa ndi madzulo kapena kujambula ndi foni, thako ndi lake, inu simudzakhalapo masiku onse achemwali.

Thoko_KUHeS

Ndiwonjezereko pang'ono pa za kafukufuku poti tinakambirana mkalasi. Ku Amsterdam anasoka makabudula okhala ndi timapadi mkati nkuyesa pa anthu ovulala msana atakhalira kansalu koyeza kupanikizika. Anapeza kuti magetsi akamagwira, kupanikizika pansi pa mafupa okhalira kumatsika, ndipo kumatsika kwambiri akadzutsa matako pamodzi ndi minofu ya kuseri kwa ntchafu kusiyana ndi matako okha. Anaonanso kuti kuyatsa sekondi 1 nkupumitsa masekondi 4 kuli bwino kuposa 1 ndi 1 chifukwa mnofu sutopa msanga. Ku Canada, pa University of Alberta, gulu la Vivian Mushahwar linapanga kabudula wamkati wotchedwa Smart-e-Pants, amayatsa masekondi 10 pa mphindi 10 zilizonse, kutsanzira kusunthasuntha komwe a fiziyo anena kuja.

Koma dziwani kuti a ku Amsterdam aja anayesa pa anthu ochepa, ngati 10 kapena 12, ndipo chomwe ankayeza ndi kupanikizika pa maola ochepa, osati kuwerenga zilonda patatha zaka. Komanso anthuwo anali atakhalira kale makhushoni abwino. Nde mawu a mukavidiyo oti munthu satulukanso zilonda ndi a otsatsa malonda. Chomwe chinasintha zinthu mu mbiri sichinali mashini, anali dokotala Ludwig Guttmann ku Stoke Mandeville ku England kuyambira 1944, analamula kuti odwala azitembenuzidwa pa maola awiri aliwonse usana ndi usiku, nthawi imeneyo ovulala msana ambiri ankafa ndi zilonda komanso matenda a mkodzo pasanathe zaka zochepa.

NaBanda_Chinamwali

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga mpaka misozi. Mjomba mwandichititsa manyazi, akukhalira pilo wakale wa pa sofa. Mu kabuku analemba T5 complete. Miyendo imadumphadi, usiku nthawi zina imamenya mpaka bulangete kugwa, ife timaona ngati mwina ayamba kuchira. Tamugoneka chafufumimba kuyambira masana ano koma wakwiya kwambiri akuti makasitomala apita kwa wina. Ndiiwala kunena, masiku awiri apitawa wakhala akudandaula mutu, akuti ukugunda ngati ng'oma, thukuta kumaso ndi mkhosi kokha komanso mphuno kutsekeka, zimabwera nkupita, mayi amati ndi malungo tinamugulira panado.

Fiziyo_wakuDomasi

Mayi, zimenezo musazitenge ngati malungo. Kayezetseni malungo inde, koma mutu wogunda, thukuta kumtunda kokha ndi mphuno kutsekeka kwa munthu wa T5 ndi zizindikiro za chomwe timachitcha autonomic dysreflexia, chimagwira ovulala pa T6 kupita kumtunda. Chikamupweteka chinthu kumunsi komwe samvako, thupi limayankha pofinya mitsempha ya magazi, BP imakwera mwadzidzidzi ndipo bongo umalephera kutumiza uthenga woti itsike. Choyambitsa nthawi zambiri ndi chikhodzodzo chodzaza, paipi ya mkodzo yopindika kapena yotsekeka, kenako kudzimbidwa, koma chilonda chokhalira ngati chakecho chimayambitsanso, olo chikhadabo cholowa mnyama kapena nsapato yothina. Ndi zoopsa, zimatha kubweretsa sitiroko.

Zikamuyamba mukhazikeni tsonga pabedi miyendo ilendewere pansi, pamenepa pokha lamulo losakhalira lija lidikire kaye, masulani lamba ndi chilichonse chothina, onani paipi ngati yapindika kapena thumba ladzaza. Mukachotsa choyambitsa mutu umasiya pa mphindi zochepa. Ukapanda kusiya thamangani naye kuchipatala ndipo mukanene dzina limeneli, lilembeni pachikuto cha kabuku kake. Chifukwa chake nchakuti anthu a T5 BP yawo ya masiku onse imakhala yotsika, nambala yapamwamba cha mma 90 mpaka 110, nde ikakwera ndi 20 kapena 40 ndi vuto kale, woyeza atha kuona 140 nkunena kuti zili bwino pomwe kwa iyeyo zavuta.

Izi zikukhudzanso mashini aja. Mbali yabwino ndi yoti pa T5 ndi miyendo yodumphayo minofu yake iyenera kuyankha magetsi. Kudumphako si kuchira ayi pepani, ndi mitsempha ya mmunsi ikugwira yokha popanda bongo, koma ndi chizindikiro choti ili moyo. Mbali yoipa ndi yoti magetsi omwewo atha kumuyambitsira dysreflexia. Nde ulendo woyamba asayesere kunyumba, akayesere kwa a fiziyo pali makina a BP pambali, ayambe ndi mphamvu yochepa ndi mphindi zochepa, aone pomwe pamayenera kumatidwa timapadi nkukuphunzitsani. Pali zinanso zofunika kuunika kaye, ngati mwendo umodzi watupa ndi kutentha mwina muli magazi oundana ndipo magetsi saloledwa, mafupa a miyendo amafooka pakatha chaka munthu osaponda, komanso wa khunyu kapena wa batire la mtima sayenera. Za kuwotcha mwafunsa zija zimachitikadi, makamaka timapadi tikauma guluu nkumagwira mbali imodzi, magetsi onse amadutsira pakamalo kochepa iye osamva. Timapadi timatha, timafuna kugula tina pafupipafupi, muwerengere ndalama imeneyonso, ndipo mukachotsa muziona khungu nthawi zonse.

Pitani naye ku fiziyo pa Zomba Central sabata ino akaone chilondacho ndi za mutuzo, mukafunsenso za khushoni ndi kuyeza njinga yakeyo ngati ikumukwana, chopondera mapazi chikakwera kwambiri mawondo amakwera ndipo kulemera konse kumathawira kumatako. Ku chipatala cha Kachere ku Blantyre ndi komwe amadziwa kwambiri za ovulala msana ndi njinga zawo, a fiziyo angakulembereni kalata.

Che_Jali

Chabwino ndagonja a dokotala kkkk koma agogo aja anafika zaka 90. Iwo ankamva kuwawa nde ankasuntha okha, mwina nchifukwa chake. Achemwali chubu musagule.

NaBanda_Chinamwali

Ndabweranso patatha masiku anayi. Msuweni watumiza chithunzi cha bokosi, palembedwa TENS zilembo zikuluzikulu, nde tamuuza aimike kaye, ndalamayo ipite ku khushoni, za NMES tidzafunsa a fiziyo akamuona. Anakhumudwako akuti ife a kumudzi sitifuna chitukuko koma wavomera. Bedi talikokera pawindo la kumsewu, akugulitsa mayunitsi atagona chafufumimba, makasitomala akuimirira pawindo ngati pa hokala ndipo ana a sukulu akumuseka iye akuwabwezera, nde mkwiyo watsikako. Malo aja kutentha kwasiya, kudako kwachepa mmbali koma pakati pakadali polimba. Mutu unabweranso kamodzi Lachiwiri usiku, tinamukhazika tsonga ndinapeza paipi itapindika pansi pa ntchafu, nditawongola mkodzo unatuluka wambiri ndipo pasanathe mphindi 5 anati wasiya, mayi anangoti kukamwa yasa. Tikupita ku Central Lachisanu mmawa. Koma tipita naye bwanji poti sakuyenera kukhala? Pa minibasi sizitheka.

Mjomba_waSadzi

Hayani Sienta imodzi yonse, musalole kuti akwezemo anthu ena panjira. Mugoneke chammbali pampando wakumbuyo mbali yakumanja ili pansi, pilo pakati pa mawondo ina kumsana, thumba la mkodzo likhale mmunsi ndipo mulikhuthule musananyamuke. Kuchoka Chinamwali kufika ku Central ndi pafupi, vuto ndi pamzere. Mukangofika inu tsikani kaye nokha mukapemphe tirole, muwauze kuti ali ndi chilonda chokhalira sakuyenera kudikira pa wilitcheya. Tengani mapilo atatu ndi chitenje, ndipo nyamukani 6 isanakwane.